Pali Kukana ndi Kukana: Za Liu Lija Lakuti Denialism

Awerengi athu amene agwira nchito m'maofesi a Boma, pamodzi ndi aphunzitsi a m'sukulu zathu, ambiri a iwo anakomana nalo kale liu la Chingerezi lakuti denialism. Lipezeka m'malipoti a zaumoyo, m'nyuzi zochokera kunja, ndi m'mabuku onena za kusintha kwa nyengo. Munthu akapemphedwa kuti alimasulire m'chinenero chathu, kawirikawiri angoti, "Kumeneko ndiko kukana," napitirira ndi zina. Ife tiganiza kuti kumasulira kotere kuperewera, ndipo vuto lake silili la galamala chabe iai. Wosalidziwa bwino liu ili akhoza kunyoza nalo munthu wosalakwa. Akhozanso kukhala chete pa tsiku limene anayenera kulitchula mokweza.

Tiyambire pabwalo la milandu la kumudzi, pakuti kumeneko ndiko tonse tinayamba kumva anthu akukana. Munthu amneneza kuti waba mbuzi. Iye aimirira nati, "Sindinabe ine." Uku ndi kukana mlandu, ndipo palibe mfumu yanzeru imene ingamletse, popeza ndi ufulu wake. Mkulu wina wokhala pambali ati, "Ine sindinakhutire; mboni iyi inaona bwanji nkhope ya munthu usiku wopanda mwezi?" Uku ndi kukayika, ndipo bwalo lopanda anthu okayika silichedwa kulipitsa munthu wosalakwa. Kumbuyo kuli mai wake wa wonenezedwayo, amene angopukusa mutu nati, "Mwana wanga sangachite zotere." Iyeyu sakutsutsa mboni, mtima wake ukungolephera kumeza chowawa. Onse atatu akukana, koma palibe mmodzi mwa iwo amene liu lathuli limnena.

Tsono mlandu upitirire. Mbuzi ija yapezeka m'khola mwake, khutu lake lili ndi chizindikiro cha mwini wake. Mboni zisanu za midzi yosiyana zanena chimodzimodzi, ndipo mapazi atsatidwa mpaka pakhomo pake. Pamenepo munthu uja ayamba njira ina. Ati mboni zonse zinapangana, ndi mfumu yomwe yalandira chiphuphu. Abwera ndi mlamu wake namutcha katswiri wodziwa mapazi a mbuzi, chikhalirecho mlamuyo sanawetepo ndi nkhuku yomwe. Agwira mau a mboni imodzi imene inati mbuzi inasowa Lachiwiri pamene zinzake zinati Lachitatu, nafuna kuti mlandu wonse ugwere pomwepo. Apotoza zonena za anzake nati, "Mwamva nokha, akuti aliyense wokhala ndi mbuzi yakuda ndi mbala," ngakhale palibe amene wanena zotero. Potsiriza ati sadzavomera kufikira mbuziyo italankhula yokha ndi kutchula mwini wake. Ndipo ngakhale ikanalankhula, tidziwa chimene akananena: akanati ailodza.

Ameneyu ndiye munthu wathu. Iye safuna kuti bwalo lipeze zoona. Afuna kuti mlandu usathe, anthu atope, abwerere kwao akunena kuti, "Kaya, nkhani ija njovuta," mbuzi ili chikhalire m'khola mwake.

Machitidwe asanu amene taika m'kamwa mwa wakuba mbuziyu sitinawapeke tokha. M'chaka cha 2007 abale awiri a ku America, Mark ndi Chris Hoofnagle, anawalongosola, ndipo mu 2009 Pascal Diethelm ndi Martin McKee anawalemba m'magazini ya madokotala yotchedwa European Journal of Public Health: kunena kuti onse otsutsana nawe anachita chiwembu, kudalira akatswiri onama, kutola umboni wokukomera ndi kutaya wotsala, kufuna chitsimikizo chimene palibe angachipereke, ndi kupotoza mau a anzako. Chimene anaona iwo ndi chakuti nkhani zisiyana, koma njira imakhala yomweyo, kaya munthu akukana za matenda, za mbiri yakale, kapena za nyengo.

Liulo linamangidwa motere. M'Chingerezi deny ndiko kukana, denial ndi mchitidwe wa kukanako. Akatswiri a za maganizo a anthu, monga Anna Freud m'buku lake la mu 1936, anagwiritsa nchito ganizo limeneli ponena za mtima wodzitchinjiriza ku chinthu chopweteka, monga mai uja wa pabwalo. Koma mchira uwo wakuti ism, umene tiuonanso pa mau monga communism, usintha zinthu. Usonyeza chiphunzitso, njira yokhazikika, yokhala ndi aphunzitsi ake, mabuku ake, misonkhano yake, ndipo nthawi zambiri ndi thumba la ndalama kumbuyo kwake. Denial ikhoza kugwira munthu aliyense usiku umodzi atamva uthenga woipa. Denialism ndi nchito imene munthu amadzukira m'mawa kukaigwira.

Liu lofanana nalo m'Chifalansa, négationnisme, lili ndi mwini wake wodziwika, ndiye Henry Rousso, wolemba mbiri, amene analipanga mu 1987. Chifukwa chake nchofunika kuchimva. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma la Hitler linapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Patapita zaka panabuka anthu onena kuti zipinda zophera anthu ndi mpweya wa poizoni kunalibe, ndi kuti chiwerengerocho nchopeka. Iwo anadzitcha dzina laulemu lakuti revisionists, ndiko kunena openda mbiri mwatsopano. Koma kupenda mbiri mwatsopano ndi nchito ya wolemba mbiri aliyense woona. Makalata akale akapezeka, chimene tinali kudziwa chikonzedwa. Rousso anaona kuti anthu awa aba chovala cha eni nchito, ndipo anawapangira dzina lina kuti awavule. Chotero liu ili linabadwira kusiyanitsa wofufuza ndi wodzionetsa ngati wofufuza.

Kusiyanaku kunaoneka poyera pa mlandu wina ku London. Deborah Lipstadt, mphunzitsi wa mbiri wa ku America, analemba buku mu 1993 m'mene anatchula David Irving, mlembi wa ku England wa mabuku ambiri onena za nkhondo ija, kuti ndi mmodzi wa okana kuphedwa kwa Ayuda. Irving anamsumira pamodzi ndi osindikiza bukulo, a Penguin, nati amuipitsira mbiri. Malamulo a ku England asenzetsa wosumiridwa katundu wotsimikiza kuti zimene analemba nzoona. Chifukwa cha ichi a mbali ya Lipstadt anapempha Richard Evans wa ku Cambridge kuti afufuze mabuku a Irving. Iye ndi omthandiza ake awiri anatsata mau ndi mau, kubwerera ku makalata akale a Chijeremani amene Irving anati ndiwo maziko ake. Anapeza kuti apa liu lamasuliridwa mokhota, apo chiwerengero chasinthidwa, pena chiganizo chadulidwa pakati. Zolakwa zipezeka m'buku la munthu aliyense, koma za Irving zinapendekera mbali imodzi yokha, yoyeretsa Hitler. Kalaliki aliyense wosunga ndalama za Boma aidziwa nkhani imeneyi: wolakwitsa masamu alakwitsa mbali zonse ziwiri, koma uyo amene zolakwa zake zonse zigwera m'thumba mwake sitimutcha wosadziwa masamu. Pa 11 Epulo 2000 woweruza Charles Gray anagamula kuti Irving anapotoza umboni mwadala, ndipo mlandu unamgwera.

Amene anakonza njira imeneyi kukhala malonda enieni ndi eni makampani a ndudu a ku America. Tinena izi podziwa kuti fodya wadyetsa mabanja ambiri m'dziko lino, ndipo mlimi wa ku Kasungu kapena ku Mchinji sanalembepo bodza lililonse. Nkhani ili pa anthu amene anali ndi umboni m'manja naubisa. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasonyeza ku England kuti kusuta kugwirizana kwambiri ndi khansa ya m'mapapo. Mu Disembala 1953 akuluakulu a makampani aja anakomana ku New York ndi akatswiri okometsa mbiri ya malonda, ndipo mu Januwale 1954 anasindikiza chilengezo m'nyuzi zoposa 400. Taonani kuchenjera kwake. Sananene kuti madokotala ngabodza. Anati nkhaniyi sinatsimikizike, akatswiri asiyana maganizo, pafunika kufufuzabe, ndipo iwo eni adzapereka ndalama zofufuzira. Mau ofatsa, omveka ngati a munthu wodzichepetsa. Anawabwereza mu 1962 pamene bungwe la madokotala la Royal College of Physicians linatulutsa lipoti lake, nawabwerezanso mu 1964 pamene mkulu wa zaumoyo wa boma la America anatulutsa lake. Kalata ina ya m'kati mwa kampani ya Brown & Williamson, yolembedwa mu 1969, inanena mosabisa kuti katundu weniweni amene iwo agulitsa ndiye chikayiko. Mu 2006 woweruza Gladys Kessler anagamula kuti makampaniwo ananyenga anthu kwa zaka makumi angapo. Wokana wa mtundu uwu safunikira kupambana pa mtsutso. Chimkwanira kuti mtsutso uoneke ngati ulipobe.

Koma nkhani imene iyenera kutikhudza koposa inachitika pafupi, ku South Africa, kumene abale athu ambiri akhala akupita kukagwira nchito kuyambira masiku a migodi. Kachirombo koyambitsa Edzi kanapezeka ku Paris mu 1983. Mu 1987 Peter Duesberg, katswiri wotchuka wa ku Berkeley, anayamba kunena kuti kachiromboka sikapweteka munthu. Pambuyo pake anati matendawa adza ndi mankhwala ozunguza bongo, kusowa zakudya, ndi mankhwala enieniwo operekedwa kwa odwala. M'chaka chimenecho, pamene zambiri zinali zisanadziwike, funso lotere linali loyenera kuyankhidwa, ndipo linayankhidwa. Anthu olandira magazi okhala ndi kachirombo anadwala, olandira magazi abwino sanadwale. Ana obadwa nako anadwala, abale ao obadwa opanda iko anakula bwino. Kuyambira 1996 mankhwala olimbana ndi kachiromboka anayamba kudzutsa anthu amene abale anali atawataya kale mtima. Duesberg sanasunthe. Apa ndi pamene kukayika kwa 1987 kunasanduka chinthu china, ngakhale mau ake anali omwewo.

Thabo Mbeki anakhala Pulezidenti mu 1999, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anauza aphungu kuti mankhwala a AZT akhoza kukhala oopsa. Mu 2000 anakhazikitsa bungwe lomlangiza za Edzi, naikamo Duesberg ndi anzake pamodzi ndi madokotala ena, ngati kuti mbali ziwirizo nzolemera mofanana. Mu Julayi, pa nthawi ya msonkhano waukulu wa Edzi ku Durban, akatswiri oposa 5,000 anasaina chikalata chonena chinthu chimodzi chokha, kuti HIV ndiyo iyambitsa Edzi. Pa msonkhano womwewo mwana wa zaka 11, Nkosi Johnson, wobadwa ndi kachiromboka, anaimirira napempha boma kuti lipereke mankhwala kwa amai oyembekezera. Anamwalira chaka chotsatira.

Tisamchitire Mbeki chosalungama. Sanali mbuli, ndipo zambiri zimene ananena zinali zoona. Nzoona kuti umphawi ukulitsa matenda. Nzoona kuti mitengo ya mankhwala inali yoboola m'thumba, ndi kuti makampani 39 a mankhwala anasumira boma la dzikolo pofuna kuteteza mitengoyo, mpaka anausiya mlanduwo ndi manyazi mu Epulo 2001. Nzoonanso kuti Azungu ena analankhula za Edzi ya mu Africa ndi mau achipongwe, ndi kuti boma la tsankho limene linalipo kale linali ndi nthambi yachinsinsi yopanga mankhwala ophera adani ake. Munthu wokulira m'zimenezi ali ndi chifukwa chokayikira. Koma ichi ndicho chiopsa pa makani a mtundu uwu: savala bodza lokhalokha, avala zoona zinai kuti abise bodza lachisanu. Kuipa mtima kwa wogulitsa mankhwala sikusintha chimene kachirombo kachita m'magazi.

Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wokana akakhala mutu wa dziko, antchito a pansi pake asowa pogwira. Mankhwala a nevirapine, oteteza mwana pobadwa, boma linangowalola m'zipatala zochepa zoyeserera, kufikira bungwe la Treatment Action Campaign litapita ku khoti, ndipo mu Julayi 2002 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula boma kuti liwapereke. Nduna ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inali kutamanda adyo, mandimu ndi bitiruti, ndipo zinthu zimenezi zinakaikidwa pa malo oonetsera a dzikolo pa msonkhano wa ku Toronto mu 2006. Wachiwiri wake, Nozizwe Madlala-Routledge, amene analankhula mosapsatira za mliriwu, anachotsedwa pa udindo mu 2007. Ndipo mu 2008 akatswiri a ku Harvard, motsogozedwa ndi Pride Chigwedere wa ku Zimbabwe, anayerekeza zimene South Africa inachita ndi zimene Botswana ndi Namibia anachita, napeza kuti pakati pa 2000 ndi 2005 anthu oposa 330,000 anafa amene akanapulumuka, ndiponso ana pafupifupi 35,000 anabadwa ndi kachirombo amene akanatetezeka. Ena akhoza kutsutsana za kawerengedwe kake, koma manda alipo.

Njira ina inalipo, ndipo atsogoleri ena anaitsata. Kenneth Kaunda anauza dziko lonse mu 1987 kuti mwana wake anafa ndi Edzi, nthawi imene dzina la nthendayi silinali kutchulidwa pamaliro. Bakili Muluzi ananena zomwezo za mbale wake mu 2004, chaka chimene dziko lino linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere, ndipo Nelson Mandela ananena za mwana wake Makgatho mu Januwale 2005. Iwowa anali ndi chifukwa chachikulu chokanira kuposa wina aliyense, pakuti chowawacho chinali m'nyumba mwao.

Tsono titembenuke, pakuti liu ili lili ndi ngozi yake, ndipo tikaibisa tidzakhala tikuchita chomwecho chimene tikudzudzula. Ndani anena kuti chinthu chatsimikizika? Mu 1847 Ignaz Semmelweis, dokotala wa pa chipatala chachikulu cha ku Vienna, analamula kuti madokotala ochokera kong'amba mitembo azisamba m'manja ndi madzi a mankhwala asanakhudze amai obereka. Mu Epulo chaka chimenecho amai 18 mwa 100 alionse anali kufa m'chipinda chake. Patangopita miyezi yochepa anatsika kufika pa awiri. Akuluakulu a nchito yake ambiri sanamvere, ndipo iye anafera m'nyumba ya odwala misala mu 1865. Alfred Wegener ananena mu 1912 kuti zigawo zazikulu za dziko lapansi zinali pamodzi kale ndipo zimasuntha. Anamseka, nafa mu 1930 asanavomerezedwe. Koma m'zaka za m'ma 1960 umboni wa pansi pa nyanja zamchere unamuyeretsa, ndipo lero mphunzitsi wa jogalafe afotokoza ndi nzeru imeneyo chigwa chachikulu m'mene muli nyanja yathu. Barry Marshall wa ku Australia, pofuna kusonyeza kuti zilonda za m'mimba zidza ndi tizirombo, anamwa yekha tiziromboto mu 1984 nadwala. Mu 2005 iye ndi mnzake Robin Warren analandira mphotho ya Nobel. Onsewa anatsutsa chimene ophunzira a masiku ao anali kuchiyesa chokhazikika.

Wokana aliyense awadziwa maina awa, ndipo sachedwa kudziika pa mzere wao. Mbeki yemwe, m'kalata yake ya mu Epulo 2000 yopita kwa atsogoleri a maiko, anafanizira otsutsa aja ndi anthu ozunzidwa kale chifukwa cha maganizo ao. Nanga tidzawasiyanitsa bwanji? Sitingawasiyanitse powerenga mitu, pakuti Semmelweis anali yekha ndipo Duesberg anali ndi ochepa. Tiyang'ane chimene achita ndi umboni. Semmelweis anabwera ndi kaundula wa akufa, mwezi ndi mwezi. Marshall anaika mimba yake pa chiyeso chimene chikanamtsutsa pamaso pa onse. Iwo anabweretsa chinthu chatsopano pabwalo nati, "Yesani nokha." Wokana sabweretsa mbuzi ina, kapena mwini wina, nchito yake ndi kuboola umboni wa anzake basi. Chotero pali funso limodzi limene tiwapempha aphunzitsi kuti aliphunzitse ana a m'makalasi apamwamba: "Kodi nchiani chimene mutachiona mungavomere kuti munalakwa?" Wokayika woona ali nalo yankho, ndipo mukamuonetsa chinthucho asintha. Wokana alibe yankho, kapena apereka lina lero, mawa nalisuntha.

Ngozi yachiwiri ikhudza ife a m'Boma makamaka. Chotsimikizika sindicho chimene wanena wamkulu. Ku Soviet Union, Trofim Lysenko anakana chiphunzitso cha m'mene mbeu ndi nyama zitengera makhalidwe kwa makolo ao, ndipo popeza Stalin anali kumbuyo kwake, mu 1948 maganizo ake anasanduka lamulo m'sukulu ndi m'minda ya boma. Nikolai Vavilov, amene anayenda maiko ambiri kusonkhanitsa mbeu kuti anthu asafe ndi njala, anafa ndi njala m'ndende ku Saratov mu 1943. Kumeneko wokana ndiye anali ndi chidindo, ndipo onena zoona ndiwo anatchedwa opanduka. Liu lakuti denialist likagwa m'manja mwa munthu wofuna kutseka anzake pakamwa, likhala mwano wamba. Mkulu wa ofesi amene atcha wa pansi pake dzina limeneli chifukwa wafunsa kumene chiwerengero chachokera, ameneyo waliipitsa liulo. Pali nkhani zambiri, monga za mtengo woyenera wa feteleza kapena chinenero choyambira nacho sukulu, zimene anthu anzeru asiyana maganizo moona mtima. Mbuzi sinapezeke m'khola la wina aliyense, ndipo liu ili lilibe malo pamenepo.

Silimkhudzanso mai wa kumudzi amene abisa mwana wake tsiku la katemera chifukwa wamva mphekesera kuchitsime. Iye sanaone umboni naukana. Anaona mantha okha. Sitingawatchenso dzinali anthu zikwizikwi amene anakhamukira ku Machinga mu 1995 kukamwa mchape kwa Billy Goodson Chisupe. Iwo sanakane kuti Edzi ilipo. Anaidziwa bwino lomwe, pa nthawi imene chipatala chinalibe chowapatsa. Anthu otere afunika kuwafotokozera moleza mtima, ndipo wa zaumoyo amene ayamba ndi kuwanyoza adzabwerera ndi katemera wake m'bokosi. Dzinali liyenera iye amene aphika mphekeserayo akudziwa, kapena amene anali ndi mpata wonse wodziwa nasankha kusadziwa.

Patsala mtundu umodzi wa kukana umene tiuopa koposa, chifukwa sufuula. Stanley Cohen, wobadwira ku Johannesburg, amene anaphunzitsa ku London, analemba m'buku lake la mu 2001 kuti kukana kuli patatu. Wina ati chinthucho sichinachitike. Wina avomera kuti chinachitika koma achipatsa dzina lina lofewa. Wachitatu avomera zonse, ndi dzina lomwe, koma akana kuti zimenezo zimfunsa iye kuchitapo kanthu. Woyamba uja sapezeka kawirikawiri m'maofesi mwathu. Awiri enawo tikhala nao pa tebulo limodzi, ndipo masiku ena ndife tomwe. Mphunzitsi wamkulu aona m'kaundula kuti atsikana a Sitandade 7 atha ndi theka chaka chisanathe, nalemba m'lipoti kuti "chiwerengero chasinthako pang'ono". Mlangizi aona nkhokwe zopanda kanthu mu Novembala, nalemba kuti "mabanja ena akuchepekedwa", podziwa kuti liu lakuti njala silikondweretsa a kumpando. Wolandira lipotilo ku likulu adziwa tanthauzo lake lenileni, naliika m'faelo. Palibe wanama bodza loti nkumgwira nalo. Komabe pofika Febuluwale ana a m'mudzi uja adzakhala atatupa mapazi, monga ngati wina anaimirira nakana poyera.

Nanga m'Chichewa tizinena chiani? Kukana kokha taona kuti nkotakata kwambiri. Kukayika ndi kutsutsa ndi mau aulemu amene tiyenera kuwasungira eni ake. Umbuli suli woyenera, pakuti Irving, Duesberg ndi Mbeki anali anthu owerenga kwambiri. Nkhutukumve ndi mwana wosamvera malangizo, osati munthu wokonza mabodza mwaluso. Kukana kwa mtu wa galu kunena za kulimba kwa kukanako, koma ndi wosalakwa yemwe akhoza kukana motero. Liu loyandikira ndi makani, popeza wamakani atsutsa chifukwa cha kutsutsa, ndipo kugonja akuyesa imfa. Chovuta nchakuti makani a pa bawo kapena a pa mpira sapha munthu, ndipo nthawi zina timawayamikira. Chotero ife, pa tsamba lino, tidzalemba kuti makani okana umboni pamene Chingerezi chiti denialism, ndipo mwini wake tidzamutcha wokana umboni. Tasankha umboni m'malo mwa zoona mwadala. Aliyense ati zoona zili kwa iye, ndi wakuba mbuzi yemwe. Koma umboni ndi chinthu chimene chiikidwa pakati pa bwalo, anthu nachizungulira, nachigwira ndi manja. Womasulira amene alemba mau amenewa pa dzina la munthu adzikonzeretu kufunsidwa kuti, "Umboni wake uti?" Akalephera kuutchula, afafanize, alembe kuti munthuyo akutsutsa.